Kulimba kapena liwiro: kuunika Galaxy Tab Active5 pa ntchito ya kafukufuku wa kumudzi

Kuyambira pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018, pamene a National Statistical Office a ku Zomba anatuma olemba anthu m'midzi atanyamula matabuleti m'malo mwa mabuku a mafunso, kafukufuku wambiri m'Malawi muno anasiya kudalira pepala ndi pensulo. Alangizi a zaumoyo akulemba mabanja mu pulogalamu ya zaumoyo wa m'midzi ya iCHIS, mabungwe omwe si aboma akutolera deta ndi KoboToolbox, ODK Collect, CommCare kapena SurveyCTO, ndipo kafukufuku wamkulu wa Integrated Household Survey wakhala akuchitika ndi pulogalamu ya Survey Solutions ya World Bank. Aliyense amene anapatsidwapo udindo wogulira gulu la kafukufuku zipangizo amadziwa kuti ndalama sizilola kukhala ndi zonse. Tabuleti yolimba kwambiri nthawi zambiri imakhala ndi purosesa (ubongo wa chipangizocho) yapakatikati, pamene yothamanga kwambiri imakhala yopyapyala ndi ya galasi lalikulu, yopangidwira munthu wokhala pa sofa ku Area 47, amene sadzakwera nayo kabaza wa ku Ngabu.

Ndaunika tabuleti ya Samsung Galaxy Tab Active5, imene inatuluka mu Januwale 2024, poiyerekeza ndi njira zina zitatu zimene ogula amaziganizira kawirikawiri: matabuleti a mabatire akuluakulu ochokera ku makampani a ku China, Panasonic Toughbook G2, ndi tabuleti wamba yotsika mtengo yovekedwa kava ya labala. Maganizo anga ndi akuti pa ntchito yodzaza mafomu, liwiro la purosesa likangofika pamlingo wina silisinthanso kanthu, ndipo kulimba kumene kumapulumutsa ntchito kwagona pa batire, pa kabowo kolowetsa chaja ndi pa sikirini yowerengeka padzuwa, kuposa pa lonjezo la pabokosi lakuti chipangizocho chikagwa sichisweka.

Active5 ili ndi sikirini ya mainchesi 8, purosesa ya Exynos 1380 yomwe ilinso mu foni ya Galaxy A54, RAM (malo amene mapulogalamu otsegulidwa amagwiriramo ntchito) ya 6 GB ndi malo osungira zinthu a 128 GB pa mtundu wotsikirapo, kapena 8 GB ndi 256 GB pa wokwererapo, polowetsa khadi la microSD, kamera yakumbuyo ya 13 MP, ndi batire la 5,050 mAh lomwe limachotseka. Imalemera magalamu pafupifupi 430 isanavale kava, ndipo kava yolimbayo pamodzi ndi cholembera cha S Pen zimabwera m'bokosi lomwelo. Pansi pa sikirini pali mabatani atatu enieni odina ndi chala, chinthu chimene matabuleti ambiri a masiku ano anachisiya koma chomwe chimathandiza kwambiri manja akakhala onyowa kapena amatope. Pali mtundu wa Wi-Fi yokha ndi wina wolowa SIM khadi. Wogula wa kuno asayese n'komwe kusunga ndalama potenga wa Wi-Fi yokha, chifukwa wolemba amene ali ku Chitipa kapena ku Makanjira amafunika kutumiza mafomu ku seva pa Airtel kapena TNM paliponse pamene netiweki yagwira, ngakhale patakhala pamwamba pa chulu.

Pabokosi palembedwa IP68 ndi MIL-STD-810H, ndipo ogula ambiri akaona zilembozi mtima umakhala pansi msanga kuposa mmene uyenera. IP68 ndi muyezo wa bungwe la IEC, loona za miyezo ya zipangizo zamagetsi padziko lonse. Nambala 6 ikusonyeza kuti fumbi sililowa, ndipo 8 ikusonyeza kuti chipangizocho chingamire m'madzi mpaka pakuya pamene wopanga wanena, pomwe kwa Samsung ndi mita 1.5 kwa mphindi 30 m'madzi oyera ndi odekha. Madzi amatope ndi othamanga ngati amene anasefukira m'chigwa cha Shire pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sali m'gulu limenelo. Komanso, popeza chivindikiro chakumbuyo chimatsegulidwa posintha batire, chitetezo chonsecho chimadalira kalabala kopyapyala kozungulira mkati mwa chivindikirocho, ndipo kamchenga kamodzi kakatsalira pamenepo, kapena ngodya imodzi ikasiyidwa yosadinikizidwa bwino, IP68 yatsala dzina lokha.

MIL-STD-810H ndi buku la njira zoyesera zida la unduna wa zachitetezo wa ku America, ndipo mtundu wake wa H unatuluka mu 2019. Asilikali a kumeneko sayesa tabuleti iliyonse n'kuidinda chidindo. Wopanga amasankha yekha mayeso amene akufuna m'bukumo, n'kuwachita yekha kapena kulipira labotale. Pa mayeso odziwika a kugwa, chipangizo chimagwetsedwa maulendo 26, pa mbali zake 6, m'mphepete 12 ndi pa ngodya 8, kuchokera pamtunda wa pafupifupi mita 1.2. Samsung imati Active5 ikavala kava yake imapirira kugwa kuchokera pa mita 1.8, ndipo ndilibe chifukwa chokayikira zimenezo. Chimene tiyenera kukumbukira ndi chakuti mayesowo amachitikira pamalo osalala, pamene msewu wa miyala wa ku Neno uli ndi nsonga, ndipo Gorilla Glass 5 ya pa sikirini yake ikagwa chafufumimba pa mwala wosongoka imakhalabe galasi. Kagalasi kotetezera sikirini ndi lamba wokolowekera kudzanja ndi zotsika mtengo, ndipo n'zofunikabe ngakhale pa tabuleti yotereyi.

M'magulu amene ndawayang'anira, matabuleti wamba ambiri amene anafa sanafe chifukwa chogwa. Choyamba kuwonongeka chinali kabowo ka chaja. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa pang'onopang'ono, n'kusakanikirana ndi ulusi wa m'chikwama, ndipo pakapita miyezi waya salowanso mpaka kumapeto. Wolemba amaukankha ndi mphamvu, amaugwedeza, kenako amatsamiritsa tabuletiyo pa chinthu kuti wayayo apendekeke mbali imene akugwira, ndipo usiku wina amagona akuganiza kuti yatchaja koma m'mawa n'kupeza batire lili pa 9 peresenti. Ena amakasiya tabuleti kotchajitsa mafoni pa msika, pomwe mafoni ambirimbiri amalumikizidwa ku batire la sola kudzera m'machaja osadziwika kumene anachokera. Chachiwiri chinali batire lotupa, lomwe limayamba ndi kutukula sikirini pang'ono m'mbali mpaka chikhadabo chitha kulowa pampatapo. Pa tabuleti yomata ndi guluu, zonse ziwirizi zimafuna mmisiri wa m'tauni, ndipo ntchito ya wolembayo imaima mpaka galimoto ya bungwe itabwera ndi ina.

Pa mavuto awiri amenewa ndi pamene Active5 ikundikhutiritsa. M'mbali mwake muli timadontho tachitsulo ta POGO totchajira pa choimikapo chapadera, kotero kuti gulu lokhala ndi malo amodzi ogona likhoza kutchaja osakhudza n'komwe kabowo ka USB-C. Zimenezi zimathandizanso nthawi ya dzinja, chifukwa zipangizo za Samsung zikazindikira chinyezi m'kabowomo zimakana kutchaja mpaka muume. Choimikapocho chimagulidwa padera, ndipo ndi ndalama yoyenera kuiika mu bajeti kuyambira pachiyambi. Batire nalo limachoka popanda sikuludiraiva: munthu amavula kava, amatsegula chivindikiro ndi chikhadabo, amachotsa lakale n'kuikapo lina. Tabuleti ya zaka zitatu imene batire lake latopa imakhalanso yamoyo pamtengo wa batire lokha. Palinso njira yoigwiritsa ntchito batire litachotsedwa, italumikizidwa ku chaja champhamvu yokwanira, zomwe n'zabwino pa tabuleti yokhala pa tebulo la chipatala chaching'ono kapena m'galimoto, pomwe batire lokhala pa moto tsiku lonse limatupa msanga.

Batirelo palokha ndi laling'ono, ndipo apa wogula asanamizidwe. Mphamvu ya 5,050 mAh ndi pafupifupi 19 Wh, yosasiyana kwenikweni ndi ya foni yaikulu, koma ikuyendetsa sikirini ya mainchesi 8. Kuwala kukakwezedwa mpaka kumapeto, GPS ikakhala yoyatsa ndipo SIM ikamasakasaka netiweki yofooka, zomwe ndi zinthu zitatu zimene zimachitikira pamodzi kumudzi, batire lotere silingadaliridwe kuyambira m'mamawa mpaka madzulo. Pali zochepetsera vutoli. GPS imagwirabe ntchito tabuleti ikaikidwa pa airplane mode, choncho wolemba akhoza kuzimitsa netiweki tsiku lonse n'kuiyatsa madzulo potumiza mafomu. Sikirini imatha kuthamanga pa 120 Hz, koma kusalala kumeneko kulibe phindu pa fomu ya mafunso, ndipo kuitsitsa kufika pa 60 Hz kumasunga moto. Chenicheni ndi kukhala ndi batire lachiwiri m'chikwama, pokumbukira kuti popanda chotchajira mabatire chapadera, lachiwirilo limatchajidwanso mkati mwa tabuleti yomweyo, ndiye kuti wina ayenera kudzuka usiku kukasinthanitsa. Galaxy Tab Active5 Pro ya mu 2025, ya mainchesi 10.1, inabwera ndi mabatire awiri okwana 10,100 mAh omwe limodzi lingasinthidwe tabuleti ili yoyaka, koma ndi yaikulu ndi yodula kuposa iyi.

Makampani a ku China anayankha vuto la moto mwa njira ina, poika batire lalikulu kwambiri lomatiriza mkati. Blackview Active 8 Pro ili ndi 22,000 mAh ndipo Oukitel RT7 Titan ili ndi 32,000 mAh, zomwe zingayendetse ntchito masiku angapo popanda kuona soketi, ndipo zingathenso kutchaja foni ya wolembayo. Kudera kumene magetsi a ESCOM sanafike, mfundo imeneyi si yaing'ono. Mtengo wake umalipiridwa ndi mkono. Yoyambayo imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndipo yachiwiriyo imafika pa 1.2, kutanthauza kuti wolemba amakhala atanyamula paketi ya shuga m'dzanja limodzi kwa ola lonse limene akufunsa mafunso, banja ndi banja, mpaka dzuwa kulowa. Batire lalikulu limafunanso nthawi yaitali kuti lidzaze, ndipo pa sola yaing'ono yonyamula m'manja lingadye tsiku lathunthu la dzuwa. La 32,000 mAh limapitirira malire a 100 Wh amene ndege zimalola popanda chilolezo chapadera, chinthu chimene wobweretsa katundu kudzera pa Kamuzu International Airport ayenera kuchidziwiratu. Makampaniwa sadziwikanso ndi kutulutsa zigamba za chitetezo (zokonza mapulogalamu kuti akuba deta asalowe) kwa zaka zambiri, ndipo pa tabuleti yosunga maina, matenda ndi malo okhala a anthu, nkhani imeneyi ndi yolemera kuposa kukula kwa batire.

Kutentha ndi pamene kulimba ndi liwiro zimalimbana maso ndi maso. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo tabuleti yovala kava yochindikala ikakhala padzuwa imatentha kuposa mpweya woizungulira. Labala yemwe amameza mphamvu ya kugwa ndi yemweyo amene amasunga kutentha, ndipo thupi lomatidwa kuti madzi asalowe lilibe potulukira mpweya. Chipangizo chilichonse cha Android chikatentha kwambiri chimadziteteza pochepetsa liwiro la purosesa ndi kuwala kwa sikirini, komanso posiya kutchaja. Zotsatira zake n'zakuti purosesa yamphamvu kwambiri, imene imatulutsa kutentha kochuluka, imakakamizidwa kutsika msanga, ndipo masana a ku Bangula imayenda pa liwiro losasiyana kwenikweni ndi yapakatikati. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene sindidandaulira kuti Samsung inaika Exynos 1380 m'malo mwa purosesa ya mafoni ake apamwamba. Mabatire a lithium sayeneranso kutchajidwa atatentha kupitirira madigiri pafupifupi 45, choncho chizolowezi chosiya tabuleti ikutchaja kutsogolo kwa galimoto, pansi pa galasi, chimapha batire la mtundu uliwonse.

Sikirini ya Active5 ndi LCD ya 1920 ndi 1200, yooneka bwino pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pomwe mafunso ambiri a m'mabanja amafunsidwira. Pakati pa munda masana, poyeza malire a chimanga kapena kujambula mbewu, munthu amafunikabe kuitchinga ndi thupi lake kuti awerenge zilembo zazing'ono. Apa Panasonic Toughbook G2, yomwe kuwala kwa sikirini yake kumafika pa 1,000 nits, ili patsogolo moonekeratu. Mvula ikamawaza, madontho amasokoneza sikirini yogwira ndi chala, koma S Pen, yomwe nayonso ili ndi IP68 ndipo siifuna kutchaja, imalembabe molondola, ndipo ndi yabwino posainitsa ofunsidwa kuti avomereza kutenga nawo mbali. Cholemberachi chili ndi malo ake mu kava, koma n'chaching'ono ndipo chimasowa mosavuta mu udzu, choncho n'kwanzeru kuchimangirira ndi kachingwe.

Tikafika pa liwiro lenileni, fomu ya ODK kapena ya Kobo yokhala ndi mafunso osankha yankho ndi polemba manambala siitopetsa purosesa iliyonse ya zaka zaposachedwa. Mavuto amayambira pa malo ochepa odziwika bwino. Loyamba ndi mndandanda wa anthu a m'banja. Banja likakhala la anthu 12, ndipo aliyense ali ndi gawo lake la maphunziro, zaumoyo ndi ntchito, fomuyo imawerengeranso malamulo ake onse nthawi iliyonse imene wolemba wasuntha kupita ku funso lotsatira. Pa tabuleti ya RAM ya 2 GB kapena 3 GB ndaona kuchedwa kwa masekondi angapo pa funso lililonse, ndipo pa fomu ya mafunso mazanamazana masekondiwo amasanduka theka la ola, mayi amene anasiya ndiwo pamoto n'kuyamba kuyankha mwachidule kuti mlendoyo azipita. Deta imawonongekera pamenepo, tabuleti ili yathunthu yopanda ndi mng'alu womwe. Lachiwiri ndi mafayilo a CSV a maina zikwizikwi a opindula ndi ntchito inayake, amene fomu imafufuzamo dzina. Lachitatu ndi kamera. RAM ikachepa, Android imatseka pulogalamu ya fomu kuti ipatse malo kamera, ndipo wolemba akamaliza kujambula chimbudzi kapena mjigo amapeza fomu ikutsegukanso. ODK Collect imabwezeretsa zimene inasunga, koma wolemba watsopano amachita mantha n'kuyambiranso pachiyambi, ndipo ku seva kumafika mafomu awiri a banja limodzi.

Zonsezi zikuloza ku RAM kuposa ku purosesa. Kwa ine 4 GB ndi malire apansi, ndipo 6 GB ya Active5 imapereka mpata wokwanira kuti fomu, kamera ndi mapu zikhale zotseguka nthawi imodzi popanda china kukankha chinzake. Mtundu wa 8 GB ndi woyenera okhawo amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ya mapu ya QField ndi zithunzi za setilaiti zosungidwa m'tabuleti, monga oyeza nkhalango kapena olemba malire a malo, ndipo ngakhale kwa iwowa chimene chidzawapanikize poyamba ndi kuchepa kwa sikirini ya mainchesi 8. GPS yake imamva setilaiti za GPS, GLONASS, Galileo ndi BeiDou, ndipo pamalo opanda mitengo imafika msanga pa mamita 5 amene ODK Collect imadikira isanasunge malo. Zimenezo n'zokwanira kupeza nyumba kapena chitsime, koma sizokwanira kuweruza mkangano wa malire a munda, ndipo ntchito yotere imafuna chida chapadera choyezera malo ndi setilaiti (GNSS) cholumikizidwa pa Bluetooth, kaya tabuletiyo ndi ya mtengo wanji.

Toughbook G2, ya mu 2021, ndi kompyuta yathunthu ya Windows yokhala ndi purosesa ya Intel Core ndi RAM ya 16 GB, ndipo inayambira pa madola pafupifupi 3,000, pamene Active5 inayambira pa pafupifupi 550 ku America. Ndi yoyenera injiniya wa misewu kapena wa migodi amene pulogalamu yake imayenda pa Windows yokha. Kwa gulu lofunsa mafunso m'midzi ndi kuwononga ndalama, makamaka poti ODK Collect ndi KoboCollect zimayenda pa Android.

Mpikisano weniweni wa Active5 uli pansi pake. Galaxy Tab A9 ya mu 2023, ya mainchesi 8.7, ili ndi purosesa ya Helio G99, yomweyo imene ili mu Blackview Active 8 Pro, ndi RAM yoyambira pa 4 GB, ndipo ndalama za Active5 imodzi zingagule ziwiri kapena zitatu zoterezi. Ilibe chitetezo cha IP ndipo batire lake silichotseka, koma ikavekedwa kava yochindikala n'kumasungidwa m'thumba lapulasitiki mvula ikayamba, imadzaza mafomu wamba mosavuta. Pa kafukufuku wa milungu ingapo m'chilimwe, wokhala ndi olemba ambiri nthawi imodzi, ndingasankhe zoterezi n'kugula zina zapadera zoti zilowe m'malo mwa zosweka, chifukwa fomu ikatumizidwa ku seva madzulo aliwonse, tabuleti yosweka imangotayitsa ntchito ya tsiku limodzi. Nkhani imasintha pamene chipangizocho chidzakhale ndi mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi kwa zaka zinayi kapena zisanu, kutali ndi boma, chikuyenda pa njinga dzinja ndi chilimwe chomwe. Pamenepo ndi pamene batire losinthika, chitetezo cha fumbi ndi zaka zosachepera 5 za zigamba za chitetezo zimene Samsung inalonjeza mu 2024 zimabweza ndalama zake, makamaka poti mapulogalamu otolera deta amasiya pang'onopang'ono kuthandiza mitundu yakale ya Android, ndipo iyi inayambira pa Android 14. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kugulanso matabuleti pakatha zaka ziwiri zilizonse kwakhala kovuta kuposa mmene mabajeti akale ankaganizira.

Kwa bungwe logulira ogwira ntchito okhazikika kumudzi, ndikuvomereza Active5 ya SIM khadi ndi RAM ya 6 GB. Pa oda yomweyo pakhale batire lachiwiri la tabuleti iliyonse, magalasi otetezera sikirini, malamba a kudzanja, ma S Pen ena apadera ndi zoimikapo za POGO, chifukwa zinthu zimenezi si katundu amene amisiri okonza mafoni ku Limbe kapena ku Area 2 amasunga kawirikawiri, ndipo kuitanitsa batire limodzi lokha kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai ntchito ili mkati kungaimitse mlangizi kwa milungu.